Mutu 12: Kodi Dokotala Amafunanji pa Intaneti?

Ntchito ya udokotala siipatsa munthu mpata wocheza. M'zipatala zathu zambiri dokotala amayamba tsiku ndi kuzungulira m'mawodi, kenako amakhala pansi kuona odwala amene mzere wawo wafika mpaka pakhonde, ndipo pakati pa usiku akhoza kudzutsidwa kuti akachite opaleshoni mayi amene walephera kubereka yekha. Koma munthu yemweyo akaweruka amatenga foni yake n'kuyamba kuyankha mafunso a anthu amene sanawaonepo chibadwire, kapena kuthandiza mnzake wa kuchipatala chakutali kuwerenga chithunzi cha X-ray. Kawirikawiri salandira ngakhale tambala, ndipo bandulo amagula ndi ndalama za m'thumba mwake. Izi zikuchitika ku Blantyre, ku Lusaka, ku London ngakhalenso ku Beijing. Chimamukoka n'chiyani?

Zifukwa zilipo zingapo: zina n'zabwino kwambiri, zina n'zapakatikati, zina n'zoipa. Tonsefe amene timadwala ndi kudwazika tiyenera kuzidziwa, chifukwa pa intaneti pali dokotala amene wabwera kudzathandiza ndi wina amene wabwera kudzagulitsa, ndipo pa chithunzi onse awiri avala gauni loyera.

Akatswiri ali m'tauni, matenda ali paliponse

Chifukwa choyamba ndi mtunda. Sukulu yophunzitsa madokotala m'Malawi muno, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Isanatsegulidwe, Mmalawi wofuna udokotala ankakaphunzira kunja, ndipo ambiri ankakhalira komweko. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 dziko lino linali ndi dokotala mmodzi kapena awiri pa anthu 100,000 aliwonse. Chiwerengerocho chakwera, komabe akatswiri ambiri a maopaleshoni, a matenda a ana, a amayi ndi a mafupa akupezeka m'zipatala zikuluzikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, cha ku Zomba ndi cha ku Mzuzu. Chonsecho kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumidzi. Amene amasenza zipatala za m'maboma ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, omwe odwala amangowatchula kuti adokotala, pamodzi ndi anamwino.

Taganizirani za clinical officer amene ali pa ntchito usiku pa chipatala china cha kuchigwa cha Shire. Abwera naye mnyamata wa zaka khumi, mimba yatupa, akusanza zobiriwira, ndipo patha masiku atatu asanapite kuchimbudzi. Kodi matumbo apotana moti afunika kung'ambidwa usiku womwewo? Nanga angapirire ulendo wokwera mapiri mpaka ku Blantyre? Ambulansi ndi imodzi, mafuta ndi ochepa, ndipo ikachoka, mayi woyembekezera amene angavutike m'bandakucha adzasowa chomunyamula. Kale munthu wotereyu ankaganiza yekha. Lero amakweza filimu ya X-ray pa getsi, kuijambula ndi foni, n'kulemba mwachidule zaka za mwanayo, kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi zimene wamva atagwira pamimba. Dzina salilemba. Zonsezo amatumiza kwa dokotala wa maopaleshoni amene ali makilomita oposa 100 kuchokera pamenepo. Yankho lingakhale lakuti, "Muikeni diripi ndi chubu cha m'mphuno, mubwere naye tsopano lino." Lingakhalenso lakuti, "Musamutumize, mukhoza kuchita nokha, yambani motere."

Mu 2018 kufunsana kotereku kunaikidwa m'dongosolo m'chigawo cha kummwera kudzera mu ntchito yotchedwa SURG-Africa, imene College of Medicine inkagwira pamodzi ndi Royal College of Surgeons in Ireland. Azachipatala a m'maboma ankatumiza nkhani za odwala pa WhatsApp kwa akatswiri a ku Queen Elizabeth asanadzutse ambulansi. Ofufuza atawerenga zimene zinachitika anapeza kuti pafupifupi odwala atatu mwa khumi aliwonse sanafunikirenso ulendo wa ku Blantyre. Apa katswiri nayenso amapindula. Bedi limasungidwira wodwala amene akulifunadi, ndipo amene wabwera amafika atakonzedwa kale. Dokotala wa maopaleshoni amadziwa kuti funso limene sanaliyankhe pa foni usiku lidzamupeza m'mawa pa machira, litakula.

Maganizo amenewa sanayambe ndi WhatsApp. Mu 1998 banja lina la ku Britain, Roger ndi Pat Swinfen, linayambitsa bungwe la Swinfen Charitable Trust. Ankapereka makamera ku zipatala za kumalo osauka, kuyambira ndi chipatala cha anthu opuwala ku Bangladesh, kuti azachipatala azijambula mabala ndi ma X-ray n'kutumiza pa imelo kwa akatswiri amene ankayankha kwaulere. Kuno kwathu, mu 2008, wophunzira wina wa ku Stanford dzina lake Josh Nesbit anabwera ndi mafoni wamba ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Anthu odzipereka oyendera odwala m'midzi, amene kale ankapalasa njinga kapena kuyenda wapansi mtunda wautali kukangopereka lipoti, anayamba kutumiza mameseji. Zida zasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma chofuna cha dokotala ndi chomwecho: kuti nzeru iziyenda m'malo mwa wodwala.

Kuphunzitsa mmodzi, kuchiza ambiri

Chifukwa chachiwiri chimaoneka bwino m'nkhani ya Dr Sanjeev Arora, amene anali katswiri wa matenda a chiwindi pa University of New Mexico ku America. New Mexico ndi dera lalikulu, louma, la midzi yotalikirana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunali anthu pafupifupi 28,000 odwala matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C, koma amene ankalandira mankhwala anali ochepa zedi. Kuti munthu aonane ndi Arora ankadikira miyezi isanu ndi itatu, ndipo ena ankafika chiwindi chitawonongeka kale kapena chitagwidwa khansa. Matendawa anali ochizika ndithu, koma odziwa kuwachiza anali owerengeka.

Arora anaona kuti ngakhale atagwira ntchito usana ndi usiku sakanawamaliza odwala onsewo. Tsono mu 2003 anayambitsa njira yotchedwa Project ECHO. Mlungu uliwonse akatswiri a pa yunivesite ija ankakumana pa vidiyo ndi madokotala ndi anamwino a m'zipatala zazing'ono ndi za m'ndende. Wakumudzi ankafotokoza za wodwala wake osatchula dzina, anzake n'kuikapo maganizo, katswiri n'kuwongolera. Wodwala ankakhalabe m'manja mwa dokotala wa kwawo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2011 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine: odwala pafupifupi 58 mwa 100 aliwonse anachira m'zipatala zazing'onozo, chimodzimodzi ndi amene anathandizidwa ndi akatswiri pa yunivesite. Mu 2015 dziko la Namibia linatenga njira imeneyi pothandiza azachipatala osamalira anthu amene ali ndi HIV, ndipo kuchokera pamenepo yafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa.

Kugawana nzeru si chifundo chapadera cha madokotala ena, koma ndi mbali ya lumbiro lawo. Bungwe la madokotala la dziko lonse, World Medical Association, linalemba lonjezo la udokotala ku Geneva mu 1948. Polikonzanso mu 2017 linawonjezera mfundo yakuti dokotala azigawana ndi ena zimene akudziwa kuti odwala apindule ndi kuti ntchito ya zaumoyo ipite patsogolo. Ndipo wophunzitsa nayenso amaphunzira. Katswiri wa m'tauni amene wamva mnzake wa kumudzi akufotokoza mmene anachitira mankhwala atatha, kapena makina oyezera magazi atafa, amatola nzeru imene m'mabuku mulibe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito iyi amene amadya phulalo kawirikawiri ndi wodwala.

Kuchenjezana moto usanakule

Chifukwa chachitatu ndi chenjezo. Matenda atsopano sabwera ndi dzina. Amayamba ndi dokotala mmodzi amene waona odwala angapo ofanana modabwitsa, ndipo amafuna kudziwa ngati anzake aonanso zomwezo.

Pa 30 December 2019, Dr Li Wenliang, dokotala wa maso pa chipatala cha Wuhan Central ku China, analembera anzake amene anaphunzira nawo udokotala pa gulu lawo la WeChat. Anawauza kuti pali odwala asanu ndi awiri a matenda a m'mapapo onga SARS okhudzana ndi msika wa nsomba wa Huanan, ndipo anawapempha kuti adzisamale pamodzi ndi mabanja awo. Uthengawo unatuluka m'gululo n'kufalikira. Pa 3 January 2020 apolisi anamuitana n'kumusainitsa kalata yomudzudzula kuti akufalitsa mphekesera. Li anabwerera ku ntchito, anatenga matendawo, ndipo anamwalira pa 7 February 2020. Mwezi wotsatira akuluakulu anafafaniza kalata ija n'kupepesa kwa banja lake. Nthawi imeneyo n'kuti matendawo, amene tsopano timawadziwa kuti COVID-19, atafika m'makontinenti ambiri. Kuno ku Malawi odwala oyamba analengezedwa pa 2 April 2020.

Li sanali kufuna kutchuka. Anachita zimene madokotala amachita tsiku lililonse: kuuza mnzako kuti pali china chachilendo, samala. M'miyezi yotsatira, madokotala a ku Italy ndi a ku New York ankauza anzawo a m'mayiko ena pa intaneti zimene ankaona m'mawodi, monga phindu logoneka chafufumimba wodwala amene akubanika, ndi kuti magazi a odwala ena ankaundana. Mabuku a zachipatala amatenga zaka kuti alembedwe, ndipo magazini amatenga miyezi. Mliri sudikira.

Dokotala akakhala chete, amalankhula ndi wina

Chifukwa chachinayi ndi chimene chimawawa madokotala ambiri mumtima: bodza. Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, anatulutsa nkhani m'magazini ya The Lancet yokhudza ana 12 okha, imene inachititsa makolo kuganiza kuti katemera wa chikuku ndi matenda ena awiri amayambitsa vuto la ubongo lotchedwa autism. Kafukufuku wa ana miyandamiyanda m'mayiko osiyanasiyana sanapeze zoterozo. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, ndipo Wakefield analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala. Koma bodzalo linali litapeza kale malo pa intaneti. Ku England chiwerengero cha ana obayitsa katemerayu chinatsika kufika pafupifupi 80 mwa 100, ndipo chikuku chinabwerera m'madera amene chinali chitayamba kuiwalika.

Ife sitifunika kupita kutali kuti tione mphamvu ya mphekesera. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo ndi m'maboma ena a kummwera. Anthu anaphedwa, ndipo azachipatala ena ankaopa kuyenda ndi zida zawo za ntchito. Bungwe la Society of Medical Doctors linachita kutulutsa chikalata chonena kuti palibe umboni woti wina anapopedwa magazi. Mu March 2021 katemera wa COVID-19 atafika, mauthenga anayenda m'mafoni onena kuti katemerayo amatseka kubereka, kapena kuti ndi chizindikiro cha chilombo. Anthu anazengereza, ndipo katemera wina anali atabwera masiku ake atatsala pang'ono kutha. Mu May chaka chomwecho boma linatentha poyera katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 ku Lilongwe, pofuna kuti anthu aone ndi maso kuti wotha masiku sakuperekedwa. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, kunamvekanso mphekesera zakuti azachipatala ndi amene akubaya anthu matendawo, ndipo ena anabisa odwala kunyumba mpaka madzi kutha m'thupi.

Dokotala amene waonapo mwana akufa ndi kolera, chonsecho madzi a mchere ndi shuga akanamupulumutsa, savutika kupeza chifukwa cholankhulira. M'chipinda choonera odwala amalankhula ndi munthu mmodzi kwa mphindi zochepa. Pa foni, yankho limodzi lomveka bwino limafika kwa anthu masauzande, ndipo limakhalapo kuti wina adzaliwerenge mawa. Amadziwanso kuti pali mafunso amene munthu sangafunse maso ndi maso. Mtsikana amene akuopa kuti ali ndi pakati, bambo amene mphamvu zachepa m'nyumba, mnyamata amene waona zilonda kumaliseche, onsewa amachita manyazi pamzere wa kuchipatala pamene pali anansi awo. Akapanda kuyankhidwa ndi wodziwa, amayankhidwa ndi wogulitsa mankhwala a m'botolo lopanda dzina.

Malawi ali ndi chitsanzo chabwino cha mmene kuyankha kotereku kungakhazikitsidwire. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba mu 2011 m'boma la Balaka, bungwe la VillageReach likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo maganizo ake anachokera kwa Amalawi awiri, Soyapi Mumba ndi Clement Mwazambumba, pa mpikisano wofuna njira zopulumutsira amayi ndi ana. Poyamba inali nambala yaulere yoti amayi oyembekezera ndi olera ana aziimba. Kenako inakula n'kuyamba kuyankha za matenda osiyanasiyana m'dziko lonse, ndipo boma linaitenga kukhala yake. Oyankha ndi azaumoyo ophunzitsidwa, olankhula zilankhulo za oimbawo, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuthandiza munthu kudziwa ngati vutolo lingasamalidwe kunyumba kapena n'lofunika kuthamangira nalo kuchipatala.

Kukamvetsera

Chifukwa chachisanu anthu ambiri sachiganizira: madokotala ena amalowa m'magulu a odwala kuti akamve, osati kukaphunzitsa. Dokotala amadziwa zimene matenda amachita m'magazi ndi m'ziwalo. Wodwala ndi amene amadziwa mmene zimakhalira kumwa mapiritsi tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri, mmene mankhwala ena amalotetsera maloto oipa, kapena chifukwa chimene munthu wa shuga amalephera kutsata zakudya zimene anamulembera pamene m'nyumba muli ufa woyera wokha.

Mu 2004 abale awiri a ku America, Jamie ndi Ben Heywood, anayambitsa PatientsLikeMe m'bale wawo Stephen atagwidwa ndi ALS, matenda amene amafooketsa minofu pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kupuma. Odwala ankalembamo mankhwala amene akumwa ndi mmene thupi likusinthira mwezi ndi mwezi. Mu 2008 kafukufuku wochepa wa ku Italy ataonetsa ngati mankhwala a lithium amachedwetsa matendawa, odwala ambiri anayamba kumwa n'kumalemba zotsatira. Ofufuza ataunika zolembazo analengeza mu 2011 kuti lithium sanali kuthandiza, ndipo kafukufuku wamkulu wa m'zipatala anapezanso zomwezo. Inali nkhani yokhumudwitsa, koma inapulumutsa odwala ku mankhwala opanda phindu, ndipo inachokera kwa odwala eni ake.

Zinateronso mu 2020. Poyamba anthu ankauzidwa kuti COVID-19 ikapanda kukupha umachira pakatha milungu iwiri. Koma pa intaneti panayamba kusonkhana anthu amene patatha miyezi anali akutopabe, akubanika ndi kuiwalaiwala. Ena mwa iwo anali madokotala, monga Pulofesa Paul Garner wa ku Liverpool School of Tropical Medicine, amene analemba za kudwala kwake kosatha mu May 2020. Azachipatala anamvetsera, anafufuza, ndipo mu October 2021 bungwe la World Health Organization linalongosola vutoli monga matenda odziwika. Dokotala wanzeru amadziwa kuti wodwala amabisa zambiri akakhala pamaso pa gauni loyera, koma amamasuka akakhala pakati pa anzake a vuto lomwelo.

Dzina, ndalama ndi kusungulumwa

Si zifukwa zonse zimene zili za chifundo chokha, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi. Ku China kuli kampani yotchedwa Haodf, imene inayamba mu 2006, kumene madokotala ambirimbiri a m'zipatala zaboma amayankha odwala pa intaneti, mafunso ena kwaulere, ena molipiritsa. Ofufuza amene aphunzira khalidwe la madokotalawa amatchula mapindu awiri: mbiri yabwino ndi ndalama. Dokotala woyankha mwaulemu ndi momveka amalandira makalata othokoza, dzina lake limamveka, ndipo odwala amamulondola kuchipatala. Ku America kuli Sermo, imene inayamba mu 2005, ndi Doximity ya mu 2010, kumene madokotala amakumana okhaokha, kufunsana za odwala ovuta, kupeza ntchito, ndi kudandaulirana za kutopa.

Kudandaulirana kumeneku si nkhani yaing'ono. Dokotala amene watumizidwa yekha ku boma lakutali, wodwala akamufera m'manja, sangakafotokoze kwa anansi chifukwa cha chinsinsi cha ntchito. Anzake a pa foni ndi amene amamva ululu wake n'kumuuza ngati panali china chimene akanachita. Palinso madokotala ndi anamwino athu amene akugwira ntchito ku Britain, ku South Africa ndi kwina. Ambiri a iwo amadzuka m'mawa n'kupeza chithunzi cha buku la kuchipatala chatumizidwa ndi m'bale: "Achimwene, tawerengani zimene awalembera amayi, ife sitikumva." Kwa iwo kuyankha ndi njira yobwezera kwawo zina mwa zimene anachoka nazo.

Kufuna dzina labwino kapena malipiro pa ntchito yoona si tchimo. Vuto limayamba pamene dzina lakula kuposa choonadi. Mu July 2020 vidiyo ya Dr Stella Immanuel wa ku Houston, wobadwira ku Cameroon, inafalikira dziko lonse. Iye ankanena motsimikiza kuti mankhwala a hydroxychloroquine amachiza COVID-19 ndipo kuvala zotchinga pakamwa n'kosafunika. Makampani a Facebook, Twitter ndi YouTube anaichotsa, koma n'kuti anthu mamiliyoni ataionera kale. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa RECOVERY anali atapeza kale mwezi wa June kuti mankhwalawo sathandiza odwala COVID-19 ogonekedwa m'chipatala. Wolankhulayo analidi dokotala, ndipo n'chifukwa chake anthu anamukhulupirira. Satifiketi imatsimikiza kuti munthu anaphunzira, koma siitsimikiza kuti chilichonse chimene wanena lero n'choona.

Malire amene foni singadumphe

Dokotala wabwino amapita pa intaneti atanyamula malamulo omwe aja a m'chipinda choonera odwala. Loyamba ndi chinsinsi. Chithunzi cha bala chikhoza kuulula munthu ngakhale dzina palibe: chitenje chimene wavala, mphini za pamkono, nambala ya bedi, tsiku la ngozi imene mudzi wonse ukuidziwa. Chithunzi chikachoka m'foni imodzi sichibwereranso. N'chifukwa chake wodwala ayenera kupemphedwa chilolezo asanajambulidwe, ndipo ali ndi ufulu wokana. Bungwe loyang'anira madokotala ku Britain, General Medical Council, linalangiza mu 2013 kuti amene akulankhula pa intaneti monga dokotala azidzitchula dzina lake lenileni, kuti aziyankha pa zimene wanena. Kuno kwathu, madokotala ndi ma clinical officer amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, ndipo kumeneko n'kumene munthu angafunse ngati wodzitcha dokotala ali m'kaundula.

Lachiwiri ndi kudziwa pothera. Pa foni dokotala sangagwire pamimba, sangamvetsere m'chifuwa, sangaone kuyera kwa m'maso kapena kuyeza magazi. Kutentha thupi kungakhale malungo, chibayo, taifodi kapena matenda oumitsa khosi, ndipo kusiyanitsa kwake kumafuna manja ndi zoyezera. Pamene clinical officer afunsa katswiri, pali munthu wophunzira amene wamuona wodwalayo. Pamene mayi afunsa yekha za mwana wake, dokotala amangomva zimene mayiyo wakwanitsa kufotokoza.

Tsono owerenga angathe kumuyesa dokotala wa pa intaneti ndi mafunso ochepa. Kodi akutchula dzina lake ndi kumene amagwira ntchito? Kodi amafunsa kaye asanayankhe? Kodi amavomera kuti pali zimene sangadziwe asanakuoneni? Kodi akamva za mwana amene akukomoka, mayi woyembekezera amene akutaya magazi kapena munthu amene akubanika, amanena mwachangu kuti pitani kuchipatala tsopano lino? Ngati m'malo mwake akulonjeza mankhwala amodzi ochiza shuga, khansa ndi HIV, akukuuzani kuti musiye ma ARV, kapena yankho lililonse likuthera pa nambala yotumizira ndalama, dziwani kuti mwakumana ndi wamalonda.

Patsala vuto limodzi limene ndi lathu kwenikweni. Nkhani zoona za umoyo zimene zili pa intaneti zambiri zinalembedwa m'Chingerezi, m'mawu amene ngakhale munthu wopita kusukulu amavutika nawo. Mphekesera imayenda m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chisena, ndipo imayenda m'mauthenga a mawu amene agogo osadziwa kuwerenga amamvetsera mpaka kumapeto n'kutumizira anzawo a kumpingo. Madokotala athu ndi ochepa ndipo ndi otopa, koma aliyense wa iwo amene wapatula mphindi zochepa kufotokoza m'chilankhulo cha anthu chifukwa chimene mankhwala a TB samasiyidwira panjira, kapena mmene madzi a mchere ndi shuga amasungunulidwira, wagwira ntchito ya chipatala ndithu. Sukulu zophunzitsa madokotala, mabungwe awo ndi Unduna wa Zaumoyo ayenera kuiona ntchito imeneyi monga mbali ya udokotala: kuiphunzitsa, kuiikira malamulo, ndi kuipatsa nthawi. Anthu sadzasiya kufunsa mafunso a umoyo pa foni. Chimene dziko lingasankhe ndi amene aziwayankha.